Anapempha Okha, Nadzakana Okha: Mabungwe a Aphunzitsi ndi Maphunziro a Zilankhulo Ziwiri ku Bolivia

Pa 12 Okutobala chaka chilichonse aphunzitsi a ku Moçambique amakondwerera tsiku lawo, lomwenso ndi tsiku limene bungwe la ONP linakhazikitsidwa mu 1981. Pa zikondwerero zimenezi nkhani zimene zimamveka kwambiri ndi za malipiro, kukwezedwa pantchito ndi ndalama za maola owonjezera. Nkhani ya chilankhulo chimene mwana wa kalasi yoyamba akuphunziriramo kuwerenga simveka kawirikawiri. Ambiri amaiona ngati nkhani ya unduna, ya akatswiri a ku yunivesite kapena ya mabungwe othandiza, osati ya sindikato.

Kuli dziko lina kumene zinthu zinayenda mosiyana. Ku Bolivia, dziko la ku South America lopanda gombe la nyanja yamchere, bungwe la aphunzitsi a kumidzi ndilo linali pakati pa oyamba kupempha kuti ana aziphunzira m'chilankhulo chawo pamodzi ndi Chisipanishi. Patapita zaka pafupifupi khumi, boma litaika pempholi m'lamulo, aphunzitsi omwewo ananyanyala ntchito kukana lamulolo, ndipo atsogoleri awo anamangidwa. Mbiri imeneyi ikusonyeza kuti maphunziro a zilankhulo ziwiri amaima kapena kugwa malinga ndi mmene aphunzitsi, monga gulu, awalandirira.

Sukulu ya ku Warisata

Anthu ambiri a ku Bolivia ndi eni nthaka amene analipo Asipanishi asanafike. Mitundu ikuluikulu ndi Aquechua ndi Aaymara, amene amakhala kumapiri ndi m'zigwa za Andes, komanso Aguaraní a kumunsi chakummwera cha kummawa. Mpaka pakati pa zaka za m'ma 1900, ambiri mwa iwo ankakhala m'minda ya eni malo olemera, akugwira ntchito yosalipidwa yofanana ndi thangata kapena chibalo. Munthu wosadziwa kulemba ndi kuwerenga sankaloledwa kuvota, ndipo eni minda ankadana ndi sukulu chifukwa ankadziwa kuti wodziwa kuwerenga adzawerenganso zikalata za malo.

Pa 2 Ogasiti 1931, mphunzitsi wina dzina lake Elizardo Pérez ndi mtsogoleri wa Aaymara, Avelino Siñani, anatsegula sukulu ku Warisata, pafupi ndi nyanja ya Titicaca. Anthu a m'mudzi anaumba njerwa namanga sukuluyo ndi manja awo, ndipo bwalo la akuluakulu a mudzi ndilo linkaiyendetsa. Ana ankaphunzira kuwerenga pamodzi ndi ulimi ndi ntchito zamanja. Sukulu yaikulu inkayang'anira timasukulu ting'onoting'ono ta m'midzi yozungulira, dongosolo lofanana ndi la ZIP limene aphunzitsi a ku Moçambique akulidziwa. Eni minda ndi akuluakulu ena a boma analimbana nayo mpaka mu 1940, pamene oyambitsa ake anachotsedwa ndipo dongosolo lake linasokonezedwa. Komabe dzina la Warisata linakhalabe m'mitima ya aphunzitsi a kumidzi monga umboni wakuti sukulu ingathe kukhala ya mudzi.

Lamulo la 1955 ndi mphamvu za mabungwe

Mu Epulo 1952 anthu ogwira ntchito m'migodi ndi a m'mizinda anagwetsa boma la asilikali, ndipo chipani cha MNR chinayamba kulamulira motsogozedwa ndi Víctor Paz Estenssoro. Boma latsopanoli linapatsa munthu aliyense wamkulu ufulu wovota, linalanda migodi ikuluikulu, ndipo mu 1953 linagawa minda kwa alimi. M'mwezi womwewo wa Epulo 1952 munabadwanso COB, mgwirizano waukulu wa mabungwe onse a antchito, umene aphunzitsi anadzakhala mbali yake.

Mu 1955 kunatuluka lamulo lalikulu la maphunziro. Nthumwi za aphunzitsi zinakhala nawo m'komiti imene inalikonza, ndipo aphunzitsi anapindula nalo kwambiri. Mphunzitsi sakanachotsedwa ntchito mwachisawawa. Malipiro ndi kukwezedwa kwake zinayamba kutsata kaundula wa makwerero a ntchito wotchedwa escalafón, amene malamulo ake anakhazikitsidwa mu 1957. Mabungwe a aphunzitsi anakhalanso ndi mawu posankha akuluakulu oyendetsa maphunziro. M'dziko limene maboma ankagwetsedwa ndi mfuti kawirikawiri, kaundula ameneyu ndiye ankateteza mphunzitsi kuti asataye ntchito nthawi iliyonse imene mtsogoleri watsopano walowa. N'chifukwa chake aphunzitsi a ku Bolivia amamuteteza ngati munda wa makolo.

Lamulo lomwelo linagawa maphunziro pawiri. Masukulu a m'mizinda anali pansi pa unduna wa zamaphunziro, pomwe a kumidzi anaikidwa pansi pa unduna woona za alimi, ndipo aphunzitsi a mbali ziwirizi ankaphunzitsidwa m'makoleji osiyana. Nawonso mabungwe anakhala awiri: CTEUB ya aphunzitsi a m'mizinda ndi CONMERB ya aphunzitsi a kumidzi. Pa nkhani ya chilankhulo, cholinga cha lamuloli chinali chimodzi, kuti mwana aliyense asanduke wolankhula Chisipanishi. Zilankhulo za eni nthaka zinaloledwa ngati mlatho wachidule wofikira ku Chisipanishi basi.

Masukulu anachuluka kumidzi, ndipo ana a alimi ambiri anakhala aphunzitsi. Apa panabuka chinthu chowawa. Mphunzitsi amene anakula akulankhula Chiaymara kapena Chiquechua ankaima patsogolo pa ana a mtundu wake womwe, nawalankhulira m'chilankhulo chimene sankachimva. Ana ankaloweza mawu osadziwa tanthauzo lake, ankabwereza kalasi, ndipo ambiri ankasiya sukulu asanadziwe kuwerenga. Ena ankalangidwa akamveka akulankhula chilankhulo cha kwawo. Palibe amene ankaona kulephera kumeneku pafupi kuposa mphunzitsi wa kumudzi.

Pempho lochokera kwa aphunzitsi

Ulamuliro wa asilikali utatha mu 1982, mabungwe anapeza mpata wolankhula. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 zomwezo, CONMERB inatulutsa chikalata chofotokoza mmene maphunziro onse a kumidzi angakonzedwere mwatsopano. Pakati pa mfundo zake panali yakuti ana aziphunzira m'zilankhulo ziwiri ndiponso molemekeza chikhalidwe chawo. Bungwe limene ntchito yake yodziwika inali kumenyera malipiro linalankhula za mmene mwana amaphunzirira. Mu 1989 COB inaika mfundo yomweyo m'ndondomeko yake ya maphunziro, ndipo mu 1991 CSUTCB, mgwirizano wa mabungwe a alimi, inatulutsanso chikalata chake chopempha zomwezo.

Zonsezi zinkachitika pa nthawi ya mavuto aakulu a zachuma. Mu 1985 mitengo ya zinthu inakwera ndi maperesenti opitirira 8,000, moti malipiro a mphunzitsi ankatha mphamvu asanafike nawo kumsika. Mu Ogasiti chaka chomwecho boma linatulutsa lamulo nambala 21060 lochepetsa ndalama zimene boma limagwiritsa ntchito, ndipo antchito a m'migodi opitirira 20,000 anachotsedwa. Antchito a m'migodi ndiwo anali msana wa COB. Iwo atamwazikana, aphunzitsi anatsala ngati gulu lalikulu la antchito a boma limene likanathabe kuimitsa dziko. Kuyambira pamenepo ankayang'ana mwa chikaiko chilichonse chochokera ku boma kapena kwa obwereketsa ndalama a kunja.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, unduna wa zamaphunziro mothandizidwa ndi UNICEF unayesa maphunziro a zilankhulo ziwiri m'masukulu opitirira 100 a Aquechua, Aaymara ndi Aguaraní, m'pulojekiti yotchedwa PEIB. Masukuluwo anali ochepa, aphunzitsi ake anaphunzitsidwa bwino ndipo ankayenderedwa pafupipafupi. Mabungwe a aphunzitsi a kumidzi ndi a alimi anali mbali ya ntchitoyo. Kwa Aguaraní, bungwe lawo la Asamblea del Pueblo Guaraní, limene linakhazikitsidwa mu 1987, linaitenga ngati yakeyake. Mu Januwale 1992, pokumbukira zaka 100 kuchokera pamene asilikali anapha Aguaraní ambiri pa nkhondo ya ku Kuruyuki, bungweli linayambitsa kampeni yophunzitsa akuluakulu kuwerenga m'Chiguaraní. Kumeneko kuwerenga m'chilankhulo cha makolo kunali nkhani imodzi ndi kumenyera malo ndi ulemu.

Lamulo la 1994

Pamene izi zinkachitika m'midzi, mu likulu la La Paz munali kukonzedwa zina. Mu 1991 boma linakhazikitsa gulu la akatswiri lotchedwa ETARE, motsogozedwa ndi Amalia Anaya, kuti likonze kusintha kwa maphunziro onse mothandizidwa ndi World Bank. Gululi silinaikidwe mu unduna wa zamaphunziro koma mu unduna wa mapulani, chifukwa olikhazikitsa ankaona kuti unduna wa zamaphunziro uli m'manja mwa mabungwe a aphunzitsi. Aphunzitsi anamva uthenga wake: kusintha kukukonzedwa powazemba. Mu 1992 kunachitika msonkhano waukulu wa dziko lonse wa zamaphunziro, kumene mabungwe a aphunzitsi anali ndi mawu amphamvu, ndipo msonkhanowo unavomereza maphunziro a zilankhulo ziwiri. Pa mfundo imeneyi akatswiri a boma ndi aphunzitsi sankasiyana.

Mu 1993 Gonzalo Sánchez de Lozada anakhala pulezidenti, ndipo wachiwiri wake anali Víctor Hugo Cárdenas, Mwaaymara woyamba kufika pa udindo umenewu. Bambo a Cárdenas anali mphunzitsi wa kumudzi amene anasiya dzina la makolo lakuti Choquehuanca natenga la Chisipanishi pothawa tsankho. Motero mwana wawo ankadziwa bwino mtengo umene munthu amalipira chilankhulo chake chikanyozedwa.

Pa 7 Julayi 1994 lamulo nambala 1565 losintha maphunziro linakhazikitsidwa. Kwa nthawi yoyamba maphunziro a zilankhulo ziwiri anakhala ndondomeko ya dziko. Boma linasindikiza mabuku a ana m'Chiaymara, m'Chiquechua ndi m'Chiguaraní, linatumiza timalaibulale ta m'kalasi, linapatsa makomiti a makolo mphamvu m'masukulu, ndipo linakhazikitsa makhonsolo anayi a zamaphunziro oimira mitundu ya eni nthaka. Zimene CONMERB inapempha zaka khumi m'mbuyomo zinafika.

Koma walira mvula walira matope. M'lamulo lomwelo munali ndime zokhudza ntchito ya mphunzitsi. Kukhazikika pantchito kunayenera kudalira mayeso olembedwa zaka zisanu zilizonse. Anthu amene anaphunzira ku yunivesite koma osadutsa ku koleji ya aphunzitsi analoledwa kulowa ntchitoyo. Mawu a mabungwe posankha akuluakulu a maphunziro anachepetsedwa. Panabweranso alangizi a kaphunzitsidwe, amene ankalandira ndalama zambiri kuposa aphunzitsi amene ankawalangiza. Aphunzitsi anaona kuti zimene anagwirizana pa msonkhano wa 1992 zasiyidwa pambali, ndipo zimene anapata mu 1955 zikulandidwa. Popeza lamuloli linatuluka chaka chimodzi ndi lamulo logulitsa magawo a makampani a boma ndi lina lopereka mphamvu ku makhonsolo, mabungwe anawamanga onse mtolo umodzi nawatcha malamulo atatu otembereredwa.

Mu Marichi 1995 aphunzitsi a m'mizinda ndi a kumidzi ananyanyala ntchito, ndipo COB inawathandiza. Masukulu a boma anatsekedwa kwa milungu yambiri, ndipo m'misewu ya La Paz munali kulimbana ndi apolisi. Pa 18 Epulo boma linalengeza kuti dziko lili pangozi, linaimika ufulu wosonkhana, ndipo linamanga atsogoleri a mabungwe opitirira 300. Ambiri anatumizidwa kumadera akutali. Mmodzi mwa atsogoleri odziwika amene anatsekeredwa pa nthawiyo anali Vilma Plata wa bungwe la aphunzitsi a mumzinda wa La Paz. Kunyanyalako kunatha lamulo lisanachotsedwe. Boma linapambana mumsewu.

Zimene zinachitika m'kalasi

M'kalasi nkhani inali ina. Lamulo lingakakamize mphunzitsi kubwerera kusukulu, koma silingamukakamize kukhulupirira buku limene wapatsidwa. Kwa aphunzitsi ambiri mabuku a Chiaymara ndi Chiquechua anali katundu wa lamulo limene linamangitsa anzawo. M'masukulu ena mabukuwo anakhala m'makatoni osatsegulidwa. Mlangizi akafika, ena ankamulandira ngati kazitape wa boma. Panalinso aphunzitsi ambiri amene anagwira ntchitoyo ndi mtima wonse, ndipo ana awo anayamba kufunsa mafunso ndi kulemba nkhani zawo m'kalasi zimene kale munkamveka mawu a mphunzitsi yekha.

Zovuta zina zinali za kakonzedwe. Aphunzitsi ochuluka ankalankhula chilankhulo cha ana koma anali asanaphunzirepo kuchilemba, ndipo maphunziro afupiafupi amene ankapatsidwa sanali okwanira. Mbali yophunzitsa Chisipanishi ngati chilankhulo chachiwiri inatsalira m'mbuyo. Makolo ena, poona ana akuwerenga Chiquechua koma osalankhula Chisipanishi, anayamba kukaika kuti mwina boma likufuna ana a osauka akhalebe kumudzi. Munthu amene akanatha kuwafotokozera ndi kuwakhazika mtima pansi anali mphunzitsi, koma mphunzitsiyo nayenso anali wokwiya. Kumene zinthu zinayenda bwino kwambiri kunali kwa Aguaraní, kumene bungwe la anthu eni ake linkaonetsetsa kuti aphunzitsi ndi makolo akuyenda njira imodzi.

Boma linayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Mayeso a zaka zisanu aja sanagwire ntchito monga lamulo linanenera, kaundula wa makwerero anakhalabe, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 udindo wa alangizi unathetsedwa. Ndime zimene zinayambitsa mkangano zinafa, koma zinafa zitadetsa kale dzina la maphunziro a zilankhulo ziwiri pakati pa aphunzitsi.

Mu 2006 Evo Morales anakhala pulezidenti, ndipo boma lake linati lamulo la 1994 lichotsedwe. Pa msonkhano wa zamaphunziro umene unachitikira ku Sucre mu Julayi chaka chomwecho, nthumwi za aphunzitsi a m'mizinda zinatuluka msonkhano uli mkati, pomwe aphunzitsi a kumidzi ndi mabungwe a eni nthaka anakhalabe. Malamulo aakulu a dziko a 2009 anavomereza zilankhulo 36 za eni nthaka kukhala zilankhulo za boma pamodzi ndi Chisipanishi, ndipo anatetezanso kukhazikika kwa mphunzitsi pantchito. Pa 20 Disembala 2010 kunatuluka lamulo latsopano la maphunziro, nambala 070, lotchedwa ndi maina a Avelino Siñani ndi Elizardo Pérez, oyambitsa sukulu ya ku Warisata. Lamuloli linati maphunziro akhale a zilankhulo zingapo kwa ana onse, a kumidzi ndi a m'mizinda omwe. Mfundo imene mabungwe ankaoneka ngati akuikana mu 1995 inabwereranso, aphunzitsi a kumidzi akuichirikiza. Ngakhale zili choncho, kuphunzitsadi m'chilankhulo cha mwana kukadali ntchito yovuta m'masukulu ambiri a ku Bolivia, chifukwa lamulo lokha silipanga mphunzitsi wodziwa kulemba ndi kuphunzitsa m'chilankhulocho.

Olakwa ndani?

Amene amaikira kumbuyo boma la 1994 amati mabungwe anaika mimba zawo patsogolo pa ana, ndipo anateteza dongosolo limene linkakweza munthu chifukwa cha zaka zimene wakhala pantchito osati chifukwa cha luso. Mawuwa ali ndi choonadi chake. Milungu imene masukulu anatsekedwa inatayika kwa ana a osauka, pomwe ana a olemera ankaphunzirabe m'masukulu olipira. Atsogoleri ena a m'mizinda analibe chidwi ndi zilankhulo za eni nthaka, ndipo anakana lamulo lonse osasankhamo chabwino.

Amene amaikira kumbuyo aphunzitsi amati munthu wolandira malipiro osafika kumapeto kwa mwezi sangapemphedwe kuphunzira njira yatsopano ya kaphunzitsidwe tsiku lomwelo limene akuuzidwa kuti ntchito yake ili pachiswe. Nawonso akunena zoona. Boma linali ndi bwenzi lokonzeka kale, CONMERB, bungwe limene linapempha lokha maphunziro a zilankhulo ziwiri. Poika nkhani ya chilankhulo m'lamulo limodzi ndi nkhani yochepetsa mphamvu za mabungwe, linakakamiza mphunzitsi wa kumudzi kusankha pakati pa chilankhulo cha ana ake ndi chitetezo cha ntchito yake. Ambiri anasankha ntchito.

Bungwe la aphunzitsi m'masukulu a boma lili ndi ntchito ziwiri. Limateteza mphunzitsi ngati wantchito, komanso limasonkhanitsa nzeru za anthu amene amaona tsiku ndi tsiku mmene ana akuphunzirira. CONMERB inagwira ntchito yachiwiriyi m'zaka za m'ma 1980, ndipo inasintha maganizo a dziko. Mu 1995 ntchito yoyamba inameza yachiwiri, ndipo amene anataya kwambiri anali ana a m'makalasi oyambirira.

Ku Moçambique maphunziro a zilankhulo ziwiri anayenda njira ina. Pulojekiti ya PEBIMO, imene INDE inayendetsa kuyambira mu 1993 mpaka 1997, inayesa Chinyanja ndi Chipwitikizi ku Tete ndiponso Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza, pafupifupi nthawi imodzi ndi PEIB ya ku Bolivia. Kuyambira mu 2003 maphunzirowa analowa m'masukulu a boma m'zilankhulo 16. Mbiri yake imatchula kwambiri INDE, akatswiri a zilankhulo a ku Universidade Eduardo Mondlane ndi mabungwe monga Progresso ndi UDEBA-LAB. Mkangano wonga wa ku Bolivia sunachitike, koma mafunso amene anagwetsa ntchito kumeneko ndi odziwika kwa mphunzitsi wa ku Angónia kapena ku Lago. Kodi mphunzitsi amatumizidwa kudera limene amadziwa chilankhulo chake? Kodi anaphunzitsidwa kulemba Chinyanja, kapena amangochilankhula? Kodi mabuku a zilankhulo zonse ziwiri amafika chaka chisanayambe? Kodi amene waphunzira kuphunzitsa m'zilankhulo ziwiri amasiyidwa m'kalasi yotero, kapena amasamutsidwa chaka chotsatira?

Lililonse la mafunso amenewa ndi la kaphunzitsidwe komanso la mmene mphunzitsi amagwirira ntchito. Choncho ndi oyenera kumveka pa misonkhano ya ZIP ndiponso pa misonkhano ya bungwe la aphunzitsi, pambali pa nkhani za malipiro. Aphunzitsi a kumidzi ku Bolivia anayamba ndi kulemba zimene ankaona m'makalasi awo, nazipereka m'dzina la bungwe lawo boma lisanawafunse.